Kukwera phiri la Rungwe tsiku limodzi kwa ife a kunyanja: konzekerani chonchi

Funso ili ndayankha mpaka kutopa, kaya kutchalitchi, kaya pa Kamuzu Road, kaya pa foni usiku, munthu amvekere achimwene, tamva kuti kumtunda kwa boda ya Songwe kuli phiri lomwe linaphulikapo moto, tikufuna tikakwere ndi anzathu, tiyambire pati. Ndiye ndalemba kamodzi kuti aliyense aziwerenga yekha, ndipo mukamaliza mupatsireko onse omwe mukupita nawo, makamaka uja akuti iye ndi wamphamvu kale safunika kukonzekera.

Phirilo ndi Rungwe, lili ku Tanzania m'chigawo cha Mbeya, pamwamba pa tauni ya Tukuyu, kumpoto kwa nyanja yathu yomweyi. Kutalika kwake limangoperewera pang'ono kukwana mamita 3,000, ndiye kuti ndi lofanana ndithu ndi Sapitwa wa ku Mulanje amene ndi 3,002, kusiyana kwake nkwakuti Mulanje ndi chimwala, sanaphulikepo, pomwe Rungwe ndi volokano yeniyeni. Musaope kuti likuphulikirani, lakhala chete zaka mazana ambiri, ndipo lomwe linatulutsa chiphalaphala komaliza kumeneko ndi linzake la Kyejo cha m'ma 1800. Mng'alu wa dziko umene unapanga mapiri amenewa ndi womwewo unapanga nyanja yathu, ndi womwewo unagwedeza Salima mu Malichi 1989 ndi Karonga mu Disembala 2009, komanso madzi otentha a pa Mawira ku Nkhotakota akuchokera ku moto wapansi womwewo.

Chimene ndikufuna mugwire musanawerenge zina zonse ndi ichi. Ife a ku Salima ndi Nkhotakota timakhala pansi penipeni, pamamita pafupifupi 500, kotentha, kopanda zitunda zenizeni. Munthu wa ku Dedza kapena ku Mzuzu akamapita ku Rungwe thupi lake lili kale pakati pa ulendo, ife timayambira pansi, ndipo malangizo ambiri omwe mungamve sanalembedwe ndi munthu wa kunyanja m'mutu.

1. Sankhani mwezi. Pitani pakati pa Juni ndi Okutobala. Tukuyu ndi amodzi mwa malo omwe kumagwa mvula yambiri ku Tanzania konse, nchifukwa chake kuli tiyi ndi nthochi paliponse, ndipo mvula yake imachedwa kusiya, mpaka Meyi ikugwabe. Dothi la phirilo likanyowa limaterera zoti simungamvetse mpaka mutaliponda. Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri ndipo nkhungu imakonda kuphimba pamwamba, ngati mukudziwa chiperoni cha ku Thyolo ndi Mulanje, kamvula kowaza kaja kobwera ndi chifunga, ndi zomwezo. Ine ndimakonda Ogasiti ndi Seputembala. Holide ya Khirisimasi ayi ndithu, ngakhale ndi nthawi imene anthu ambiri amakhala ndi mpata.

2. Pitani kuchipatala patatsala sabata ziwiri kapena zitatu. Apa anthu amandiyang'ana ngati ndikukokomeza koma mverani. Kumtunda mpweya umachepa mphamvu, okosijeni amakhalabe magawo 21 pa 100 alionse ngati kuno, koma mpweyawo ndi wopyapyala, ndiye pamamita 3,000 kupuma kamodzi kumakupatsani pafupifupi magawo 70 pa 100 a zomwe mukanapeza kunyanja yaikulu ya mchere. Chimene chimanyamula okosijeniyo m'thupi ndi magazi, ndipo kwathu kuno anthu ambiri amayenda ndi magazi ochepa osadziwa, chifukwa cha malungo obwerezabwereza, likodzo la kunyanja, njoka zam'mimba, kwa amayi kusamba kwambiri kapena kungobereka kumene. Pansi pano thupi limabisa, paphiri silibisa.

Ndiye muwapemphe akuyezeni kuchuluka kwa magazi, BP, komanso malungo. Ngati munadwala malungo posachedwa ndipo mwangomaliza kumwa LA, sunthani tsiku, thupi limafuna masabata angapo kuti libwerere. Amene ali ndi sikoselo, matenda a magazi obadwa nawo aja, asapite, ndipo sindikunena mofewa, kuchepa kwa okosijeni ndi kuzizira ndi kuuma pakhosi ndi zinthu zitatu zimene zimadzutsa ululu wa matendawa, ndipo paphiri zonse zitatu zilipo. Amene ali ndi vuto la mtima, mphumu, shuga, kapena oyembekezera, awauze adokotala kutalika kwa phirilo mwachindunji, osangoti ndikupita kokayenda.

Ena amafunsa za mankhwala otchedwa Diamox. Alipodi, amathandiza thupi kuzolowera msanga, koma paulendo wa tsiku limodzi womwe mukagona pansi, anthu ambiri sawafunika, ndipo amakodzetsa pafupipafupi nkuchititsa dzanzi m'zala. Musangogula pa famase poti mnzanu ananena, afunseni adokotala.

3. Yambani kuyenda patatsala masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu. Kupalasa bwato, kulima, kusewera mpira, kabaza, zonsezi zimalimbitsa thupi zoona, koma paphiri pamafunika miyendo yozolowera kukwera ndi kutsika maola ambiri osaleka, ndipo kuchokera poyambira kufika pansonga mukwera mamita opitirira 1,000 nkuwatsikanso tsiku lomwelo. Katatu pa sabata yendani ola limodzi mofulumira mutabereka chikwama chomwe mudzanyamulecho, muikemo mabotolo a madzi. Kuyenda pamchenga wouma wa ku Senga Bay kapena m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota kumathandiza kwambiri akakolo ndi akatumba, ndipo ngati pafupi pali kaphiri kalikonse kapena nyumba yosanja yokhala ndi masitepe, kwerani nkutsika mobwerezabwereza mpaka ntchafu zimve. Mapiri a ku Senga Bay ndi abwino koma mbali ina ndi ya asilikali, funsani kaye kodutsa. A ku Nkhotakota musati mungolowa m'nkhalango ya boma kukafuna phiri la Chipata panokha, muli njovu zambiri chisamutsireni zija za 2016 ndi 2017, kumeneko amalowa ndi chilolezo komanso mlonda.

Kenako, patatsala sabata ziwiri, kakwereni phiri lenileni ngati mayeso. Kwa a ku Salima ndi la Dedza, mamita 2,198, mukwera msewu wa Golomoti basi mwafika, ndipo mukagone ku Dedza komweko usiku umodzi kuti mumve mmene thupi lanu limachitira kozizira komanso kumtunda. Kwa a ku Nkhotakota phiri la Ntchisi ndi lapafupi, ndi lalifupi kuposa Dedza koma nkhalango yake yonyowa ikuonetsani mmene mizu ndi matope zimavutira. Pamayesowa muvale nsapato zomwezo, chikwama chomwecho, ndi anthu omwewo. Mudzadziwa kuti wochedwa ndani, ndipo ndi bwino mudziwire ku Dedza kusiyana ndi kudziko la eni.

4. Nsapato ndi zovala. Pa kaunjika pamapezeka zonse, simufunika kuitanitsa kunja. Nsapato muyang'ane kunsi kwake, kukhale mano akuya, osati kosalala, ndipo zikhale zazikulupo pang'ono kuti mutavala sokosi zokhuthala zala zizisewera, chifukwa potsika phazi limathamangira kutsogolo ndipo nsapato yothina imadetsa zikhadabo mpaka kuzuka. Ya pa kaunjika muipinde mwamphamvu muone ngati guluu wake sanathe, soli ikamatuka pakati pa nsungwi palibe wosoka. Muziyendera mwezi wathunthu, nsapato yatsopano paphiri ndi matuza okhaokha. Wengani zikhadabo dzulo lake.

Za kuzizira, werengerani chonchi: mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka, ndiye pakati pa Salima ndi pansonga pa Rungwe pali kusiyana kwa madigiri 16 kapena kuposa, mphepo ndi kunyowa tisanawerengere. Ife juzi timaivala mwera ukaomba mu Julayi basi, matupi athu sadziwa kuzizira kwa mtundu umenewu. Musatenge chijekete chimodzi cholemera, tengani zopyapyala zingapo zoti muzivula nkuvala: jezi ya mpira mkati chifukwa imauma msanga, juzi kapena fulisi pamwamba pake, kenako jekete yamvula. Jinzi ndi tisheti ya thonje zisiyeni ku loji, zikanyowa ndi thukuta siziuma ndipo mukangoima zimakuziziritsani. Thalauza ikhale yaitali, muilowetse m'sokosi podutsa m'nkhalango chifukwa cha linthumbu. Chipewa chaubweya, magolovesi, ndi sokosi zina zouma mu jumbo. Amayi, chitenje tengani, chimafunda, chimamanga bondo, chimatchinga pamalo opanda tchire, koma poyenda valani thalauza.

5. Ulendo ndi boda. Njira ndi M5 kudutsa Dwangwa ndi Nkhata Bay mpaka Mzuzu, kenako M1 kutsika Chiweta mpaka Karonga, ndiye Songwe. Kutsidya kwa mlatho ndi Kasumulu, kumeneko mukwera dala-dala, ndiwo maminibasi akwawoko, zopita ku Mbeya zimadutsa pa Tukuyu. Muwerengere kuti ndi ulendo wotopetsa, ambiri amagona ku Mzuzu kapena ku Karonga. Tengani pasipoti yosatha masiku, ndipo ndalama za shilingi zikhale m'manja chifukwa kumudzi kumunsi kwa phiri simukapeza posinthira. Osintha ndalama a pamsewu paboda ndi achangu manja, werengani nokha kawiri musanapereke zanu.

Nkhalango ya Rungwe ndi yotetezedwa, amayang'anira ndi a Tanzania Forest Services, ndiye pali ndalama yolowera ndipo mumayenda ndi gayidi. Izi mukonze mukangofika ku Tukuyu, osati m'mawa wa tsiku lokwera, ndipo risiti musunge. Safunsa anadya phula, funsani gayidiyo poyambira pake ndi pati, galimoto kapena njinga yamoto yokufikitsani pamenepo ikhala ya ndani, ndipo madzulo idzakudikirani mpaka nthawi yanji.

Nkhani ya nthawi yasokoneza magulu ambiri ndipo ili pawiri. Choyamba, Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi, 6 koloko yathu ndi 7 koloko yawo, ndipo foni ikakhala pafupi ndi boda nthawi zina imasinthasintha yokha. Chachiwiri, pa Chiswahili amawerenga maola kuyambira kutuluka kwa dzuwa, ndiye gayidi akati saa moja asubuhi akunena 7 koloko m'mawa, akati saa kumi na mbili akunena 6 koloko, akati saa saba mchana ndi 1 koloko masana. Mukamapangana muonetseni manambala pa foni, onse muvomereze.

6. Gonani ku Tukuyu mausiku awiri musanakwere. Pano ndi pomwe anthu amafuna kudula kuti apulumutse ya loji, kufika madzulo, mawa lake mbandakucha paphiri. Taganizani, dzulo masana munali ku Karonga pamulingo wa nyanja yathu, lero masana mukufuna mukhale pamamita pafupifupi 3,000, mutagona maola ochepa, miyendo itatupa ndi basi. Tukuyu ili pamamita pafupifupi 1,500, sikuti ikuzolowetsani zonse, koma mausiku awiri amakupatsani tulo, madzi m'thupi, ndi poyambira pabwinopo.

Tsiku lapakatilo musangogona, pitani ku Ngozi, ili panjira yopita ku Mbeya. Ndi volokano inanso, pamwamba pake panagumuka nkupanga chidzenje chachikulu momwe muli nyanja yobiriwira, ndipo kufika m'mphepete moonera nyanjayo ndi ulendo waufupi poyerekeza ndi Rungwe ngakhale mumafika pamwamba ndithu kupitirira mamita 2,000. Mumakwera masana nkukagona pansi, thupi limaphunzira bwino chonchi. Muonereni pamwamba pomwepo, zotsikira kumadzi zisiyeni, khoma lake ndi phompho. Ndipo kunena zoona, kwa ena pagulu lanu Ngozi ndi yokwanira, amene wavutika pamenepa asakakamizidwe za mawa.

Usiku umenewo mowa ayi. Idyani bwino, mpunga kapena nsima kapena nthochi zophika zomwe ndi zambiri kumeneko, koma musayese zakudya zachilendo kapena nyama yootcha ya pamsewu, kutsegula m'mimba paphiri kumamaliza munthu msanga.

7. Za m'chikwama. Madzi malita atatu munthu aliyense, osati gulu. Kumtunda mpweya ndi wouma ndipo mumapuma mofulumira, madzi amatuluka ndi mpweya womwewo, koma poti kukuzizira ludzu simulimva, ndiye imwani pang'ono theka la ola lililonse muli ndi ludzu kaya mulibe, mkodzo ukayamba kuda dziwani kuti mwatsalira. Botolo limodzi musungunulemo Thanzi ORS. Mukatunga mumtsinje thirani WaterGuard.

Chakudya chikhale chodya mukuyenda, mbatata yophika, mtedza wokazinga, nthochi, mazira owiritsa, buledi wopaka chiponde, timasiwiti, ndi kena kamchere ngati usipa wokazinga. Muzidya pang'onopang'ono ola lililonse. Nsima yambiri kapena kondowole m'mawa umenewo ikulemerani pachitunda choyamba, phala ndi tiyi ndi bwino.

Tochi aliyense yake, makamaka yovala pamutu ija asodzi ndi a njinga amagula pamsika, ndi mabatire ena. Ya pa foni musaidalire, kuzizira kumamaliza batire ndipo foniyo mudzaifuna poimbira wa galimoto. Panado, pulasitala, bandeji yokulunga, mafuta oteteza kudzuwa ndi opaka pamilomo chifukwa dzuwa la kumtunda limaotcha ngakhale kuli mitambo, ndipo limaotcha ife akuda omwe. Ndodo yoyendera. Zonse zofunika kuuma mu jumbo mkati mwa chikwama.

8. Mayendedwe. Nyamukani ku Tukuyu kusanache kuti kukamayera muli poyambira. Mudutsa minda kaye, kenako nkhalango yowirira, kenako nsungwi, ndipo chakumapeto mitengo imatha nkutsala udzu ndi tizitsamba pomwe mphepo imakupezani. M'nkhalangomo mumakhala kanyani kotchedwa kipunji komwe asayansi anangokalengeza mu 2005, nkosowa kwambiri, mukayenda mwakachetechete mwina gayidi akuonetsani, ndiye sipika ya Bluetooth isiyeni. Muonanso timiyala totuwa topepuka tokhala ndi timabowo, ndi phulusa la kuphulika kwakale, ndipo timagubuduzika pansi pa nsapato.

Yendani mwa pole pole monga amanenera eni ake, kutanthauza pang'onopang'ono. Muyeso wake ndi uwu: ngati simungathe kulankhula chiganizo chathunthu mukuyenda, mwathamanga. Masitepe aafupi. Wochedwa kwambiri akhale wachiwiri kumbuyo kwa gayidi, wamphamvu akhale kumapeto. Kupuma kukhale mphindi zisanu kapena khumi, ndipo mukangoima valani juzi thukuta lisanazizire. Anyamata amakonda kuthamanga ola loyamba nkumawadikira ena pamwamba, ochedwawo akangofika iwo nkunyamuka, mapeto ake amene akufunika kupuma kwambiri ndi amene sapuma nkomwe.

9. Nthawi yobwerera. Ili ndiye gawo lovuta ndipo ndi limene ndalembera zonsezi.

Masamu ake ndi osavuta. Magulu ambiri ulendo wonse umawatengera maola pafupifupi khumi. Miyezi imeneyi dzuwa limalowa cha m'ma hafu pasiti sikisi nthawi ya ku Tanzania, koma m'nkhalango mdima umayamba kale isanakwane nthawi imeneyo. Kutsika mutatopa kumafuna maola anayi kapena asanu, ndipo muyenera kusunga ola limodzi la zadzidzidzi. Ndiye 1 koloko masana, nthawi yawo, mutembenuke, kaya mwafika pansonga kaya ayi, kaya gayidi akuti kwangotsala pang'ono.

Kunena nkosavuta, kuchita nkovuta, ndipo chifukwa chake ndi ndalama ndi manyazi. Mwasunga miyezi, mwapanga pasipoti, mwauza anthu onse kuntchito ndi pa WhatsApp, nsonga ikuoneka apo, ndani anene kuti tiyeni tibwerere. Komanso mwambo wathu waulemu umatipweteka pamenepa, wamng'ono sangawauze abwana kapena abusa kapena amalume kuti mwatopa, mtsikana yekha pagulu la anyamata amabisa mutu ukumupweteka kuopa kunenedwa kuti nchifukwa chake sitimatenga akazi, bambo wamkulu naye amabisa kuopa kuchepa pamaso pa ana. Ndiye nkhaniyi muimalize dzulo lake ku loji, onse mutakhala pansi mutakhuta. Gwirizanani nthawi, ikani alamu pa mafoni awiri, sankhani munthu mmodzi amene mawu ake ndi omaliza ndipo asakhale amene akufunitsitsa pansonga, ndipo akuluakulu anene ndi pakamwa pawo kuti paphiri aliyense ali ndi ufulu wowauza kuti imani. Muuzeninso gayidi kuti ndalama yake ndi yomweyo kaya mufika kaya ayi, kuti asakukokeni pofuna kukusangalatsani. Ngati muli opitirira asanu lipirani magayidi awiri, kuti wina akadwala gulu lithe kugawikana popanda wotsala wopanda wodziwa njira.

Tsopano zizindikiro. Kupuma mwabefu pokwera ndi mtima kugunda kwambiri ndi zabwinobwino ngati zikutha mukaima mphindi zingapo. Matenda a kumtunda nthawi zambiri amayamba kupitirira mamita 2,500, ndipo amabwera ndi mutu, limodzi ndi nseru, kusafuna kudya, chizungulire, kapena kufooka kodabwitsa. Sasankha, amagwira othamanga ndi osewera mpira omwe, nthawi zina iwowo ndiye kwambiri chifukwa amakwera mothamanga. Vuto lathu a kunyanja nlakuti zizindikirozi tinazolowera kuzitcha malungo, ndiye munthu amangoti kamalungo aka ndikazolowera, nkumeza Panado nkumapitirira. Ayi. Mutu ukayamba kumtunda muuone ngati wa kumtunda. Imani, imwani madzi, idyani, valani zofunda, mwani Panado, dikirani mphindi makumi awiri kapena atatu. Ukatha pitirizani mofatsa. Ukapanda kutha, kapena munthu wasanza, ulendo wake wokwera wathera pomwepo, atsike, ndipo kutsika mamita 300 mpaka 500 kokha nthawi zambiri kumamupepula.

Pali zina zomwe simudikira nkomwe. Munthu akamadzandira ngati waledzera, akamayankha zosagwirizana ndi funso, akamafuna kungogona pansi, akamabanika ali chikhalire, akamatsokomola konyowa, kapena milomo ndi zikhadabo zikasintha mtundu, mutsike naye nthawi yomweyo ndipo mukafika pansi mupite naye kuchipatala ngakhale akuti ndapeza bwino. Kuyeza kwake, jambulani mzere pansi, ayende chidendene chikugunda zala za phazi linalo, akalephera ndiye basi. Paulendo wa tsiku limodzi izi sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika munthuyo sadziwa kuti wadwala ndipo amakana, ndiye musamufunse maganizo.

Chomwe chimachitika kawirikawiri ndi kuzizidwa. Munthu wanyowa, watopa, sanadye, mphepo ikuomba, amayamba kunjenjemera, kenako zala kulephera kumanga zingwe za nsapato, kenako kulankhula ngati lilime lalemera, ndipo akasiya kunjenjemera asanafunde ndiye zafika poipa. Muchotseni pamphepo, muvuleni zonyowa, muvekeni zouma, akhale pachikwama osati pansi, mupatseni zotsekemera ngati akutha kumeza bwino. Kachasu kapena mowa uliwonse ayi, umangomunamiza kuti wafunda pomwe kutentha kukutuluka.

Ndipo wodwala satsika yekha, ngakhale atanena kuti pitani ndikudikirani pano. Pamakhala mphambano za alenje ndi odula nsungwi zomwe pokwera simunazione, ndipo nkhungu ikagwa zonse zimafanana. Nkhunguyo payokha ndi chifukwa chokwanira chobwerera, ikatseka pamwamba poti simukuona mnzanu wapatsogolo, palibe choti mukaone kumeneko.

10. Kutsika. Mukafika pansonga nthawi ilipo, valani zonse, idyani, jambulani, kukakhala koyera muyang'ane kum'mwera muone komwe nyanja yathu imayambira, koma musapitirire theka la ola. Anthu ambiri amavulala potsika, maondo atatopa, maganizo ali kale ku loji. Mangitsani zingwe za nsapato musanayambe, pindani maondo pang'ono, pamalo otsetsereka tsikani cham'mbali, ndodo patsogolo, ndipo mizu yonyowa musaiponde pamwamba, pondani pakati pake. Nsungwi youma musaigwire ngati chogwirira, imathyoka ndipo imacheka. Sungani lita imodzi ya madzi ndi chakudya china cha potsika, ndipo tochi muitulutse muiike m'thumba kusanade.

Usiku umenewo gonaninso ku Tukuyu, basi ya ku Kasumulu mukwere mawa lake, ndipo pokonza bajeti usiku umenewu muuwerengeretu pamodzi ndi ndalama yapadera ya tsiku limodzi ngati mvula ingakusunthireni tsiku lokwera. Ntchafu zidzapweteka kwambiri tsiku lachiwiri, zimenezo zimatha zokha. Mutu wa kumtunda nawo umayenera kutha mukatsika, ndiye ukapitirira muli pansi, kapena thupi likatentha, kumeneko ndiye kayezetseni malungo tsiku lomwelo, kaya ku Tukuyu, kaya ku Karonga, osadikira kuti mufike kaye ku Salima.